MAKINA OYAMWA PFUMBI NDI ZOLAKWA ZACE

Munthu amene anakhalapo ku Kafue m'miyezi ya August ndi September adziwa nchito ya mphepo. Imanyamula pfumbi la ku njanji ndi la pa mseu waukuru wopita ku Lusaka, niliponya m'nyumba ngakhale mazenera ali otseka. Amai asesa m'mawa, koma pofika madzulo munthu akhoza kulemba dzina lace ndi cala pa thebulo. Tsace limacotsa zinyalala zazikuru, koma pfumbi losalala limangouluka, niliyembekeza wosesayo aturuke kuti likhalenso pansi.

Bvuto lomweli ndilo linasautsa Hubert Cecil Booth, mmisiri wa ku England amene nchito yace inali kukonza milatho. Tsiku lina anapita kukaona makina a ku America amene anali kucotsa pfumbi pa mipando mwa kuliuzira ndi mphepo yamphamvu. Pfumbi lambiri linangobalalika. Booth anafunsa cifukwa cace makinawo sanali kuyamwa m'malo mwa kuuzira, ndipo anamuyankha kuti nkosatheka. Tsono iye anayala kansaru pa mpando, naika mlomo wace pamenepo, nakoka mpweya mpaka anatsamwa. Atatembenuza kansaruko anapeza kuti kada bii. M'caka ca 1901 boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti nzeruyo nja iye.

Koma makina ace, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Puffing Billy, sanali oti nkulowa m'nyumba ai. Anali akuru ngati ngolo, opakidwa utoto wofiira, okokedwa ndi kavalo, ndipo injini yace inali kumwa petulo. Anali kuima pa mseu, anyamata a nchito nalowetsa mapaipi atali pa mazenera. Phokoso lace linali kuopsa akavalo a anthu ena odutsa, kotero kuti Booth anaonekera m'mabwalo a mirandu. Cinamthandiza ndi ici: m'caka ca 1902 makina ace anayeretsa makapeti a m'calici ca Westminster Abbey pokonzekera kulonga ufumu Edward VII. Citatha cimeneco akazi olemera a mu London anayamba kuitana anzao ku tiyi kuti adzaonerere pfumbi likuyenda m'paipi. Zedi, cuma cimapeza masewera acilendo.

Amene analibe ndalama zotere anagula timakina ta manja. Ena, monga Baby Daisy, anali ndi mvukuto wonga wa wosula makasu, ndipo anafuna anthu awiri, wina wopopa, wina wogwira paipi. Nchito imene mkazi mmodzi anali kuitha ndi tsace inasanduka ya anthu awiri otopa.

Makina amene anafika m'nyumba zambiri anacokera kwa munthu wosauka. James Murray Spangler anali wosesa m'sitolo yaikuru ku Canton, m'dera la Ohio, ndipo anali kudwala mphumu. Pfumbi linali kumtsokomoletsa usiku uli wonse, koma nchito sakanaileka pakuti ndiyo inamdyetsa. M'caka ca 1907 anatenga kabokosi, kainjini ka magetsi, fani, mpini wa tsace ndi thumba la mtsamiro, nazilumikiza. M'caka cotsatira anagulitsa nzeru yace kwa William Hoover, amene anali kupanga zingwe ndi zipangizo zina zacikopa za akavalo pa nthawi imene magalimoto anayamba kulanda malo a akavalowo. Lero anthu ambiri amati "huva" pochula makina ali onse oyamwa pfumbi. Dzina la wosesa uja adziwa ndi owerengeka.

Thumba la mtsamiro lija linakhala cilema ca makinawa zaka zambiri. Thumba liyenera kusunga pfumbi ndi kuturutsa mpweya. Ngati nsaru ndi yotayana, pfumbi losalala limaturuka pamodzi ndi mpweyawo. Ngati timabowo tatsekeka, makina amalira mokweza koma osayamwa kanthu. Potaya, munthu anali kukutumula thumbalo panja, napumanso zonse anasonkhanitsa. Apa amuna a ku migodi samasowa wowafotokozera. Iwo adziwa kuti pfumbi looneka si limene limapha, koma lija laling'ono lopita mpaka pansi pa mapapo, limene linacititsa kuti aziboola mwala ndi madzi ndi kuti azipita ku Kitwe kukajambulidwa cifuwa. Makina akale anali kugwira pfumbi losaopsa, nabwezera m'cipinda limene Spangler analithawa.

Cilema cina cinali m'kati. M'makina ambiri oimirira zinyalala zonse zinali kudutsa pa fani zisanafike m'thumba. Msomali, kamwala kapena ndalama ya tiki zikalowa, kunali kumveka khwe-khwe-khwe, tsamba la fani nkuthyoka. Lamba wa mphira wozungulitsa burashi anali kuduka akakodwa ndi ulusi wa m'mphepete mwa kapeti, nyumba yonse ninunkha mphira wopserera. Ndipo amene anabwera ndi makina a ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi mavoti 110, akawalumikiza ku magetsi a kuno oposa mavoti 200 anaona utsi wokha.

Zinthu izi sizinali zoseketsa kwa onse. M'Northern Rhodesia makinawa anapezeka makamaka m'nyumba za Azungu, ndipo wowagwira anali wanchito wa m'nyumba, amene kwao kukomboni kawirikawiri kunalibe magetsi. Lamba akaduka mlandu unali kugwera iye, osati mmisiri wa kutsidya la nyanja amene anaika fani panjira ya misomali.

Coseketsa ceniceni ndi Hoover Constellation ya pakati pa zaka za 1950. Inali yobulungira ngati mpira, yopanda mawiro. Mpweya woturuka unali kupita pansi, makina nayandama, natsata wosesa monga kamwana. Kuona kwace kunali kokondweretsa. Koma pa simenti yofiira yopukutidwa ndi polishi, imene inali pansi pa nyumba zambiri za kuno, mpweya womwewo unali kuuluza pfumbi paipi isanalifikire. Zaka zoposa 50 citapita ciyeso ca kansaru ca Booth, amisiri anabwerera ku makina ouzira.

Zinthu zopangira dziko lina zimatero. Wailesi ya Saucepan, imene inafika mu 1949 Harry Franklin wa ku wailesi ya ku Lusaka atapempha kampani ya Ever Ready, inapangidwa poganizira kuno: inali ya batire, ya mtengo wa mapaundi 5, ndipo mabowo ace anatsekedwa ndi sefa kuti tizirombo tisalowe. Makina oyamwa pfumbi anapangidwira kapeti ndi magetsi. Ngakhale pamene magetsi a ku Kafue Gorge anayamba kuturuka poyamba pa zaka za 1970, ndi mzinda wa Kafue unakula ndi mafakitale a nsaru ndi fetereza, magetsiwo anathamangira ku migodi ndi ku mafakitale, ndipo m'nyumba za anthu tsace ndi nsaru yonyowa sizinacoke pa malo ace.

Thumba linagonjetsedwa mocedwa. James Dyson, Mngelezi, ataona m'mene fakitale yoceka matabwa imapatulira utuci ndi mpweya pouzungulitsa ngati kabvumvulu, anayesa makina 5,127 kufikira atapeza oyenera, ndipo anayamba kugulitsa DC01 ku England mu 1993. Pfumbi linali kuunjikana m'cibekete coonekera m'kati, ndipo ogula anakondwera kuliona likuzungulira, monga anacitira akazi a ku London pa tiyi wao.