Kanthambo ka fulashi

Foni isanafike ku Chanyanya, wofuna chithunzi anali kudikira wojambula wobwera pa njinga. Imodzi mwa makamera otchipa a nthawi imeneyo inali Zenit-E, imene inayamba kupangidwa ku Soviet Union mu 1965. Fulashi yake inali kuyaka kudzera m'kanthambo kolowa m'kabowo kotchedwa PC, dzina lochokera ku Prontor ndi Compur, mashata a ku Germany.

Kabowoko kanalibe chogwirira. Pulagi inali yongokankha, ikakalamba n'kuyamba kugwedera. Ndiye taganizani ukwati madzulo, m'nyumba younikira nyali ya palafini. Wojambula akadina, kagalasi ka m'kamera kamatseka diso lake, moti saona ngati fulashi yayaka. Anthu ali kalikiliki ndi gule. Filimu ya zithunzi 36 ikatsukidwa m'tauni patapita masiku, pamatuluka mdima wokhawokha, chonsecho ukwati subwerezedwa.

Ojambula ochenjera anali kupana pulagiyo pang'ono ndi pulayazi, ena kuimanga ndi mphira. Nikon inaika mazinga kuti pulagi izimangidwa ngati bawuti, koma Nikon anali kuikwanitsa ndani? Pofika nthawi ya makamera oyatsa fulashi popanda nthambo, maukwati ena a agogo athu anali atatsala m'mutu mokha.