Dzanzi la kumapazi ndi vitamini E ku Katlehong

Mmalawi wokhala ku Katlehong, ku South Africa, akapita kuchipatala ndi dzanzi la kumapazi, amakumana kaye ndi vuto la chilankhulo. Anamwino amalankhula Chizulu, Chisutu kapena Chingerezi, ndipo dokotala wa pa Thelle Mogoerane ku Vosloorus, chipatala chomwe chinalowa m'malo mwa Natalspruit mu 2014, amalemba mawu ake pakhadi: neuropathy, ataxia, malabsorption. Wodwala amangoti "mitsempha ikundivuta". Koma m'Chichewa mtsempha ungakhale wodutsa magazi kapena wonyamula mauthenga a ubongo. Vitamini E amateteza wachiwiriwu.

Khungu la selo iliyonse ya mumtsempha ndi lamafuta, ndipo mafuta amawonongeka ndi mpweya, monga momwe mafuta ophikira amasinthira fungo akakhalitsa padzuwa. Vitamini E amakhala m'mafutawo kuti asawonongeke. Ntchito imeneyi ndi yomwe madokotala amatanthauza akati antioxidant. Vitaminiyu akasowa kwa nthawi yaitali, mitsempha yaitali kwambiri, yochokera ku zala za kumapazi kukafika kumsana, ndiyo imayamba kufooka. Imeneyo ndiyo neuropathy: dzanzi loyambira kunsi n'kumakwera.

Ataxia ndi kudzandira. Munthu amayenda motangadza ngakhale sanalawe dontho la mowa, ndipo anthu pamsewu samachedwa kumuweruza. Chomwe chatayika ndi luso lomwe ambiri sadziwa kuti ali nalo, lozindikira pomwe phazi laponda osaliyang'ana, lomwe mabuku a zachipatala amalitcha proprioception. N'chifukwa chake dokotala amauza wodwala kuti aime mapazi ali pamodzi n'kutsinzina, kuyeza komwe kumadziwika ndi dzina la Moritz Romberg, dokotala wa ku Germany. Amagogodanso bondo ndi kahamala kuti aone ngati mwendo udzidzimuka, n'kuika kachitsulo konjenjemera pachala chachikulu. Vuto likakula, maso ndi malankhulidwe nazonso zimakhudzidwa.

Funso ndi lakuti vitaminiyu amasowa bwanji. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 patsiku, ndipo supuni imodzi yaikulu ya mafuta a mpendadzuwa, omwe amagulitsidwa m'timasitolo ta spaza ku Katlehong, imapereka oposa 5. Mtedza, nsinjiro, mapeyala ndi ndiwo zamasamba zimawonjezera. Choncho nthawi zambiri vuto si chakudya, ndipo lamulo la South Africa la mu 2003 lothira mavitamini mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu silinaphatikize vitamini E.

Apa ndi pomwe liwu lakuti malabsorption limalowa, ndipo ndilo lofunika koposa pa mawu onsewa. Vitamini E amalowa m'thupi pamodzi ndi mafuta, ndipo mafuta amafuna ndulu yochokera kuchiwindi komanso timadzi ta kapamba kuti agayike. Njira ya ndulu ikatsekeka mwa khanda, kapamba akatupa zaka zambiri, matumbo akadulidwa pa opaleshoni, kapena mwana akabadwa ndi matenda a cystic fibrosis, mafuta amangodutsa osalowa m'magazi. Chimbudzi chimakhala chotuwa, chonona, choyandama m'madzi. Munthu wotere akhoza kudya mtedza tsiku lililonse koma mitsempha yake n'kumavutikabe. Mwa akulu zizindikiro zimatha kutenga zaka 10 kapena kuposa, pomwe mwa ana zimabwera msanga.

Pali mtundu wina wa vutoli wosowa kwambiri wotengera kumtundu, wotchedwa AVED, womwe unafufuzidwa m'mabanja a ku Tunisia. Jini yake inadziwika mu 1995. Matumbo amagwira bwino, koma chiwindi chimalephera kusunga vitaminiyu m'magazi.

Chilungamo chake n'chakuti pa anthu omwe amadandaula za dzanzi ku Katlehong, vitamini E ali kumapeto kwa mndandanda. Patsogolo pali matenda a shuga, HIV, mowa, kuchepa kwa vitamini B12, ndi isoniazid, mankhwala a TB omwe pa chifukwa chimenechi amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Ogulitsa makapisozi a vitamini E satchula zimenezi. Satchulanso kuti vitamini E wochuluka amachedwetsa magazi kuundana, zomwe n'zoopsa kwa amene akumwa mankhwala a warfarin.

Kuchepa kwa vitamini E kumatsimikizika poyeza magazi, ndipo kukadziwika msanga, mankhwala amaimitsa kuwonongeka kwa mitsempha. Kukachedwa, zina sizibwereranso. Amene ali ndi dzanzi losatha, akudzandira mumdima, kapena chimbudzi chake chasanduka chamafuta, apite kukiliniki ndipo afotokoze zonse zitatuzo, ngakhale chachitatucho n'chochititsa manyazi kutchula.