Guluteni m'chakudya cha makanda ndi matenda a celiac

Guluteni ndi puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rye. Ndi amene amachititsa ufa wokanda kuti uzinanda. Anthu ambiri amamudya popanda vuto, koma mwa ena chitetezo cha m'thupi chimamuyesa mdani, ndipo polimbana naye chimawononga timinofu ta m'matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya. Amenewa ndiwo matenda a celiac. Ku Ulaya amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, ndipo amakonda obadwa ndi majini a HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anatsimikiza mu 1950 kuti gwero lake ndi tirigu.

Kodi mwana amulawitse tirigu liti kuti apewe matendawa? Funsoli linakula ku Sweden. Mu 1982 makolo analangizidwa kudikira mpaka miyezi 6, pomwe opanga phala la ana anachulukitsamo ufa wa tirigu. Ana odwala osakwana zaka ziwiri anachuluka pafupifupi kanayi, mpaka malangizo atasinthidwa mu 1996. Kuchokera apo madokotala anakhulupirira kuti ilipo nthawi yabwino yoyambira, pakati pa miyezi 4 ndi 7, mwana akadali pabere.

Kafukufuku wa magulu awiri wa mu 2014 anagwetsa chikhulupirirocho. Wa PreventCD anatsata ana 944 a m'mabanja momwe muli matendawa, ndipo olawitsidwa guluteni pang'ono pa miyezi 4 mpaka 6 sanatetezeke. Wa ku Italy anayerekeza oyamba pa miyezi 6 ndi oyamba pa 12: kuchedwetsa kunangokankhira matenda kutsogolo, chifukwa pofika zaka 5 odwala m'magulu onse awiri anali 16 peresenti. Kuyamwa nakonso sikunaonetse kuti kumaletsa celiac, ngakhale phindu la bere pa matenda ena ndi losatsutsika.

Ku Thyolo nkhaniyi ili ndi nkhope yakeyake. Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, Likuni Phala, chinangwa, mbatata, mapira, mpunga ndi nthochi zonse zilibe guluteni. Tirigu amalowera kukhomo lina: mandasi, masikono, buledi ndi mabisiketi a m'magolosale ozungulira maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Makandi. Mayi akalawirira kukatchola tiyi, wotsala ndi mwana amanyika kachidutswa ka ndasi mu tiyi n'kumupatsa kuti atonthole. Choopsa chachikulu apa si guluteni ayi, koma kuyamba chakudya miyezi 6 isanakwane, komanso tiyiyo, amene amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Langizo la kusikelo loyamwitsa mwakathithi miyezi 6 likuyenera kukhala momwemo. Tirigu abwere pambuyo pake, pang'onopang'ono.

Wina asaganize kuti awa ndi matenda a azungu okha. Mu 1999 anapezeka mwa ana 5.6 pa 100 alionse a mtundu wa Saharawi m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, kumene buledi ndiye chakudya chodalirika.

Zizindikiro zake n'zosokoneza: kutsekula m'mimba kosatha, mimba yotupa, kuchepa magazi ndi sikelo yosakwera. Kumudzi zoterezi amazitcha tsempho, ndipo kuchipatala zimafanana ndi kunyentchera kapena njoka za m'mimba. Zikayamba mwana atazolowera za tirigu, kholo liuze dokotala zimenezo. Kuyeza kumayamba ndi magazi, kenako kachidutswa ka m'matumbo, ndipo mwana asasiye tirigu asanayezedwe poti zotsatira zimasokonekera. Akapezeka nawo, mankhwala ndi kusiya tirigu, balere ndi rye moyo wonse. Nsima, ndiwo ndi zitumbuwa za ufa wa chimanga wokha amadya monga mwa masiku onse.