Dzala losadzadza la m'kompyuta

Pofika chaka cha 1974, buku la malangizo a Unix ya ku Bell Labs linali litafotokoza kale za /dev/null, fayilo yomwe imalandira chilichonse cholembedwamo n'kuchitaya pomwepo. Wofuna kuwerengamo sapezamo kanthu. Ndi dzala losadzadza. DOS nayo idadzabwera ndi lake, lotchedwa NUL.

Nkhaniyi idafika pokoma ndi Tcl, chiyankhulo cholembera mapulogalamu chomwe John Ousterhout adayambitsa ku Berkeley mu 1988. Mu 1996, Tcl 7.5 idayamba kuyenda pa Unix, Windows ndi Macintosh, ndipo kulemba ndi kuwerenga konse kudayamba kudzera pa njira imodzi yotchedwa channel. Apa padabuka vuto. Dzala lija dzina lake linali losiyana pa Unix ndi pa Windows, pomwe Macintosh ya nthawiyo inalibiretu.

Amene adamasula mfundoyi ndi Andreas Kupries, ndipo ulemu womwe amalandira ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yake. Mu Memchan, chowonjezera chomwe adalembera Tcl, adaikamo ma channel okhala mu memory basi, osakhudza disiki. Ena amasunga zolembedwazo, koma ina yotchedwa null imangomeza. Phindu lake limaoneka poyesa pulogalamu. Chigawo china cha pulogalamuyo chimakakamira kuti chipatsidwe polemba malipoti ake. Mlembi amachipatsa null, lamulo lolembera la puts limayenda bwinobwino, ndipo palibe fayilo yotsala yofunika kufufuta. Kupries yemweyo ndiye adakonza zoti Tcl 8.5 ya mu 2007 ilole munthu kupanga channel yake m'Tcl momwemo, osalemba C, n'chifukwa chake mu Tcllib, nkhokwe ya zowonjezera za Tcl, muli tcl::chan::null. Nayo Python, chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, idawonjezera subprocess.DEVNULL mu 2012, koma iyo imangotsegula dzala lakale lija la makina.

Ku Lilongwe dzalali si lachilendo. Foni ya Android yomwe yatsegulidwa pa benchi la wokonza mafoni ku Kawale kapena ku Mgona ili nalo, popeza pansi pake pali Linux. Makompyuta ogwira pagalasi a Baobab Health, omwe adayambira pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, adadzayamba kudalira ma seva a Linux, omwenso ali nalo dzalali. Chodetsa nkhawa ndi wophunzira wa ku Area 25 amene amakopera mzere wa > /dev/null 2>&1 osaufunsa. Kachidutswa komalizako kamatayanso mauthenga a zolakwika, moti ntchito yosunga deta usiku ikalephera, m'mawa sipapezeka cholembedwa chilichonse chonena chomwe chidavuta.