Chaka cha Mizere ya Mafuta: Malawi mu 2011

Nkhani ya mbiri lero ikubwerera ku chaka cha 2011, pamene eni magalimoto m'Malawi ankagona pa malo omwetsera mafuta kudikira petulo ndi dizilo. Mizere imeneyo inayambira kutali, ndipo njira yake ndi yoyenera kuilondola bwino.

Dr. Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 kudzera m'chipani cha UDF, koma mu 2005 anachisiya nayambitsa chipani cha DPP. Ndondomeko yake ya feteleza wotsika mtengo inadzaza nkhokwe ndi chimanga, kotero kuti mu 2009 anthu anamsankhanso ndi mavoti ochuluka zedi. Komabe feteleza, mafuta ndi mankhwala zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linkachokera ku fodya. Mitengo ya fodya itagwa mu 2011, madola anachepa. Bungwe la IMF linkalangiza kuti Kwacha, imene inali pafupifupi K150 pa dola imodzi, ichepetsedwe mphamvu, koma Mtsogoleriyo anakana poopa kuti osauka ndiwo adzapwetekedwe. Motero madola anathawira ku msika wamseri, ndipo ogula mafuta kunja anasowa cholipirira.

Pa nthawi yomweyo m'chipani cholamula munali mpungwepungwe pa nkhani ya yemwe adzaime pa chisankho cha 2014. Mu Disembala 2010 DPP inachotsa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Mai Joyce Banda, amene pambuyo pake anayambitsa People's Party. Malamulo a dziko anawasungabe pa udindo wao, chotero atsogoleri awiri a Boma limodzi anali m'zipani ziwiri. Kuyambira pamenepo wodandaula za mafuta ankaonedwa ngati mdani wa Boma. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi anafunsa mafunso mphunzitsi wa ku Chancellor College chifukwa chofanizira kusowa kwa mafuta ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt, ndipo maphunziro anaima kwa miyezi yambiri.

Mkangano sunathere m'nyumba. Mu Epulo 2011 Boma linapirikitsa Kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi itaululika, m'mene ananena kuti Mtsogoleriyo safuna kudzudzulidwa. Britain nayo inabweza Kazembe wa Malawi, ndipo mu Julayi inaimitsa thandizo lake la bajeti. Popeza maiko opereka thandizo ankadzaza pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti, dzenje linali lalikulu. Boma linayesa kulikwirira ndi misonkho yatsopano, ndipo katunduyo anagwera anthu amene anali atalema kale.

Pa 20 Julayi anthu anachita zionetsero ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga. Apolisi anaombera, ndipo anthu 20 anataya miyoyo yao, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation linaimitsa madola 350 miliyoni amene anali okonzera magetsi.

Dr. Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, ndipo Mai Banda analumbira pa 7 Epulo monga mwa malamulo. Mu Meyi Kwacha inatsitsidwa kufika K250 pa dola, ubale ndi Britain unabwerera, mafuta nayamba kupezeka. Koma walira mvula walira matope: mitengo ya sopo, mchere ndi ulendo wa basi inakwera, monga anaopera Mtsogoleri womwalirayo. Mu 2013 kuba kwa ndalama za Boma kotchedwa Cashgate kunachititsa kuti thandizo liimenso, ndipo mu 2014 DPP inabwerera m'boma ndi Professor Peter Mutharika.

Pa mkangano wa Kwacha mbali iliyonse inali ndi mfundo yake yoona. Chimene chinasowa mu 2011 ndi bwalo lokambirana, pakuti mlangizi wa chuma, wa chipani chotsutsa ndi kazembe wa dziko lakunja onse anaikidwa m'gulu limodzi la adani. Dipo la zimenezo analipira ndi mlimi wa fodya, wodwala wosowa mankhwala, ndi mabanja 20 amene anaika maliro mwezi wa Julayi chaka chimenecho.