Ishizaki ndi njira yathu ya ku Beira

Tikamakamba za Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse timathamangira ku Burma, koma Ajapani anafika pafupi nafe kuposa apo. Mu 1942, Noboru Ishizaki, mkulu wa gulu la sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, anatumizidwa kunyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Pa 30 May asilikali ake anazembera doko la Diego Suarez, n'kuwononga sitima ya Angerezi yotchedwa Ramillies ndi kumiza British Loyalty, yonyamula mafuta. Mu June ndi July anamizanso sitima zamalonda pafupifupi 20.

Nyanja imeneyo ndiyo inali khomo la Nyasaland: fodya ndi tiyi zinkapita pa njanji ku Beira. Poopa kuti Japan ingalande Madagascar, Angerezi anatumizako asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo a kwathu kuno, omwe anatsikira ku Majunga mu September.

Lero mathiraki odutsa pachipata cha Mwanza amadalirabe doko lomwelo. Dziko lopanda doko lakelake, nkhondo ya panyanja imalipeza lili pakhomo.