Kanema wa Munthu Mmodzi

Mwezi wa Disembala chaka cha 2021, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kwathu kuno ku Chiwamba kudzadya nafe Khirisimasi. Mwa katundu amene anamasula pakhonde madzulo amenewo munali kabokosi kotuwa kokhala ndi malamba, kamene anagula kwa munthu amene anali atatopa nako.

"Atsibweni, tavalani ichi kumaso muone kumene ndimakhala," anatero.

Nditavala, khonde linasowa. Ndinapezeka ndili pakati pa msewu wa nyumba zosanjikizana, galimoto zikudutsa kumanja, ndipo nditacheuka ndinaona anthu akubwera kumbuyo kwanga. Agogo ena amene anali pamphasa, pondiona ndikupapasa m'malere, anaseka nati: "Kale opita ku Joni usiku umodzi anali a palichero okha."

Chinthucho dzina lake ndi Oculus Go. Ndi chimodzi mwa zipangizo zoyamba za virtual reality, kapena kuti VR mwachidule, zimene zinkagwira ntchito pazokha, popanda chingwe chopita ku kompyuta ndiponso popanda kulowetsamo foni. Pamene chinkafika kwathu n'kuti eni ake atasiya kale kuchigulitsa. Chinafika monga umo zimafikira zinthu zambiri kuno: chitakalamba.

Kwa munthu wa m'tauni kusowa kwa chingwe si nkhani. Kwa ife ndi nkhani, pakuti kanema sanafikepo m'midzi yathu wopanda katundu wolemera pambuyo pake. Pakati pa 1935 ndi 1937, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham anayenda ndi lole m'maiko a Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland kuonetsa anthu zithunzi zoyenda zimene anajambula ku Tanganyika, ndipo magetsi ankachita kunyamula pa lole yomweyo. Kuyambira 1948 ntchitoyi inali m'manja mwa Central African Film Unit ya ku Salisbury. Titalandira ufulu, amene tinakulira m'dera lino tikukumbukira galimoto za a zaulimi ndi za a zofalitsa nkhani zimene zinkafika dzuwa likupendeka, kupachika chinsalu pabwalo la sukulu, n'kuliza jenereta. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mochedwa, mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira pamisika ngati pa Nsaru, pa Namitete ndi pa Mpingu panadzaza tinyumba toonetseramo vidiyo. Monsemo munali zinthu ziwiri zosasintha: chingwe chochokera ku jenereta kapena ku batire la galimoto, ndi khwimbi la anthu loonera limodzi, kuseka limodzi, wina akumasulira anzake zimene mzungu wanena.

Nako kunja, kanema wovala kumaso anayamba ali womangika. Mu 1968 Ivan Sutherland ndi wophunzira wake Bob Sproull anapanga chipangizo choyamba cha mtunduwu pa yunivesite ya Harvard. Chinali cholumikizidwa ku mkono wachitsulo wolendewera kudenga, umene unkayeza kumene mutu waloza, ndipo chimene munthu ankaona chinali timizere chabe tojambula kabokosi. Mu 1995 kampani ya Nintendo inatulutsa Virtual Boy, yoikidwa patebulo, ya zithunzi zofiira zokhazokha. Anthu sanaikonde ndipo chaka chotsatira inatha. Nkhaniyi inadzukanso mu 2012 pamene mnyamata wina wa ku California, Palmer Luckey, anapempha anthu pa intaneti kuti amusonkhere ndalama zopangira Oculus Rift, nalandira madola oposa 2 miliyoni. Mu 2014 Facebook inagula kampani yakeyo pa mtengo wa madola pafupifupi 2 biliyoni. Koma Rift imene inatuluka mu 2016 inkagulidwa madola 599, ndipo inkafunanso kompyuta yamphamvu yodula kuposa pamenepo, iwiriyi italumikizidwa ndi chingwe ngati mbuzi pachikhomo.

Oculus Go ndiyo inadula chingwecho. Inalengezedwa mu Okutobala 2017 ndipo inayamba kugulitsidwa pa 1 Meyi 2018, pa madola 199 yosunga zinthu zokwana 32 GB ndi madola 249 ya 64 GB. Opanga ake anali kampani ya ku China ya Xiaomi.

Munthu akaiphwasula angadabwe kuti m'kati mulibe zachilendo. Ndi foni imene anaichotsa zoimbira n'kuiveka mandala. Ubongo wake ndi kachipangizo ka kampani ya Qualcomm kotchedwa Snapdragon 821, komwe kanali kale m'mafoni apamwamba a 2016. Galasi loonetsa zithunzi ndi limodzi, la mainchesi 5.5, lokhala ndi timadontho 2560 m'litali ndi 1440 m'lifupi, ndipo diso lililonse limapatsidwa theka lake. Zithunzi ziwirizo zimasiyana pang'ono, monga momwe diso lamanzere ndi lamanja amaonera mosiyana mtengo umodzi, ndipo ubongo wa munthu ndiwo umaziphatikiza n'kumva ngati pali kuya. Pakati pa galasi ndi maso pali mandala awiri okhala ndi timizere tozungulira, nzeru yakale ya Augustin Fresnel wa ku France, amene zaka 200 zapitazo anaigwiritsa ntchito pa nyali zolondolera zombo. Mandalawo ndi amene amachititsa kuti chinthu chimene chili pafupi ndi nsidze chioneke ngati chili kutsidya kwa dambo. Mawu amatulukira m'mbali mwa malamba. Batire lake ndi la 2600 mAh, lotha maola awiri kapena awiri ndi theka, ndipo limatchajidwa ndi kachingwe komwe kaja ka mafoni wamba. Chonsecho chimalemera magalamu 468, kusakwana theka la paketi ya shuga.

Chilema chake chachikulu chinali chimodzi. Chimadziwa kuti mutu watembenuka, wawerama kapena wapendekeka, koma sichidziwa kuti mwini mutu wasuntha. Ukaponya phazi kutsogolo, dziko lonse limasuntha nawe. Maso amanena zina, thupi likunena zina, ndipo ena amayamba nseru. Mlamu wanga anachivula mphindi zisanu zisanathe, nati akumva ngati wakwera matola pamsewu wa mabampu. Chilemachi ndicho chinachipha. Mu Meyi 2019 kampani yomweyo inatulutsa Oculus Quest, ya madola 399, yokhala ndi makamera anayi oona chipinda ndi kutsata mayendedwe a munthu. Mu Juni 2020 analengeza kuti Go aisiya. Inakhala pamsika zaka zosakwana zitatu. Katswiri wawo John Carmack, amene ankaikonda, analimbikira kuti loko wa mapulogalamu ake atsegulidwe kuti okhala nayo azitha kuikamo zofuna zawo, ndipo zimenezi zinatheka mu Okutobala 2021.

Azungu ankati ndi yotsika mtengo. Madola 199 mu 2018 anali pafupifupi K145,000, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali cha m'ma K25,000 pamwezi. Ndiye kuti mlonda akanagwira miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi osadya. Ndipo kudziimira kwake kunali ndi malire: poiyatsa koyamba inkafuna foni yamakono, ndipo kuti mulowe kanema watsopano inkafuna intaneti. Komabe pa nthawi imene nyumba zakumudzi zokhala ndi magetsi a ESCOM sizinkafika zisanu pa 100 zilizonse, chipangizo chotha kudya moto wa kasola ka pamalo ometera sichinali chochinyoza.

Phindu lenileni la luso limeneli ndinalimva kuchokera kwa anansi athu. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, Pulofesa Groesbeck Parham pamodzi ndi Eric Bing wa ku Southern Methodist University ndi anzawo ena anakonza njira yophunzitsira madokotala achinyamata opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito VR, ndipo analemba za ntchitoyi mu 2019. Wophunzira amavala chipangizo, n'kupezeka ali m'chipinda cha opaleshoni chofanana ndi cha pachipatalapo, n'kubwereza ntchitoyo kambirimbiri asanakhudze mayi weniweni. Iwo anagwiritsa ntchito Rift ya chingwe ija. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene matendawa akupha amayi kwambiri padziko lonse, choncho nkhaniyi si yakutali nafe. Apa ndi pamene ndimaona kuti kukhala wekha m'kati mwa chigobacho kuli ndi nzeru: wophunzira mpeni safuna khwimbi.

Koma ngati kanema wa pamudzi, ine sichinandigwire mtima. Usiku umene uja ana anandanda kuyambira pakhonde mpaka pankhokwe. Aliyense ankapatsidwa mphindi zitatu. Wovala ankakuwa ndi kuloza zinthu, anzake akungomuyang'ana pakamwa, osadziwa choseka. Panalibe womasulira, pakuti palibe amene ankaona chimene mnzake akuona. Akavula ankayesa kufotokoza, koma wotsatira anali atalanda kale.

Nthawi itangopitirira 8 koloko batire linatha, ana asanu ndi awiri asanaone. Wamng'ono pa onse analira mpaka kugona. M'mawa mwake mphwanga anakwera njinga kukatchajitsa kwa ometa pamsika, ndipo ana asanu ndi awiri aja anamutsatira wapansi, kuopa kuti ena angawalowerere pamzere.